Nyimbo Yachinayi ya Silo Vacío

Tsiku limene Gordo Pagliaro anabwera ndi nkhani ya tepi, Efraín Ludueña anali atagwada kuseri kwa firiji ya kasitomala, sipanala ataluma kukamwa. Gordo analowa m'kashopumo ali wefuwefu, malaya atanyowa ndi thukuta, ungati wathamanga kuchokera kudoko, chonsecho anangodutsa msewu.

"Aise, yapezeka!"

"Chapezeka n'chiyani, chiuno chako?"

"Tepi, chitsiru iwe. Tepi yathu ija!"

Anadziponya pa kabenchi, kabenchiko n'kulira. Anati mkazi wamasiye wa Don Celestino, uja anali ndi situdiyo kale, akugulitsa nyumba. Okonza denga apeza makatoni kusiling'i, ndipo pa bokosi lina palembedwa ndi dzanja la malemuyo: Silo Vacío, Meyi 1976.

"Nkhalamba yabodza ija! Si inatiuza kuti inawotcha zonse?" anatero Gordo akupukuta m'khosi. "Ndamuimbira kale Irupé. Mwanayo walira pafoni, mpaka ine wandiliritsa."

Efraín anachotsa sipanala pakamwa n'kuiika pansi bwinobwino. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi anakhala akunamiza mwana wa mnzake za tepi imeneyo, ndipo bodzalo linkayenda bwino chifukwa aliyense ankadziwa kuti tepiyo inapsa. Tsopano nayo, ili m'katoni, yamoyo.

Ana a masiku ano kuno ku Rosario saidziwa bandi ya Silo Vacío, ndipo sitingawanene. Inayamba mu 1968 m'dera la Refinería, anyamata atatu a tsitsi lofika m'mapewa: Lisandro Baigorria woimba ndi kuliza gitala, Efraín pa gitala ya besi, Gordo pa ng'oma. Ankayeserera m'nkhokwe ya tirigu yosiyidwa pafupi ndi doko, momwe anthu atatu ankamveka ngati khumi, ndipo dzina la bandi linachokera pomwepo: nkhokwe yopanda kanthu.

Poyamba ankaimba za ku England ndi ku America, monga aliyense nthawi imeneyo. Chingerezi panalibe ankachidziwa ndi mmodzi yemwe. Lisandro ankangotchera khutu pa wailesi n'kumalavula zimene wamva, wachu lei, mai sanda fon, atsikana m'madansi n'kumakuwa ngati akumva. Kaimbidwe kameneko oimba a kuno amakatcha sanata: mawu ongodzaza malo, osatanthauza kanthu m'chilankhulo chilichonse. Mpaka lero munthu akapeka nyimbo asanaipezere mawu, amayamba waiimba m'sanata.

Mu 1971 Lisandro anati zakwana, aziimba m'chilankhulo chimene amayi ake amamukalipira nacho. Anthu anawaseka, ati nyimbo za rock m'Chisipanishi ndi suti yovalira patapata. Koma mnyamata uja anali ndi mawu. Ankaimba za onyamula matumba kudoko, za mnansi womwa vinyo wam'mawa, zinthu zoti ukamva umayang'ana pansi. Anatulutsa kachimbale kamodzi ka nyimbo ziwiri mu 1973, wailesi inakaliza miyezi itatu, ndipo apolisi anawameta tsitsi mokakamiza kawiri. Mbiri yawo yonse yodziwika ndi imeneyo.

Chimbale chachikulu anakachijambula mu 1976, asilikali atangolanda boma. Don Celestino anawauza osapsatira: "Zoimbira jambulani mmene mungafunire. Koma mawu a mnyamata uyu pa tepi yanga, ayi. Ine ndili ndi ana." Lisandro nayenso anali atasiya kulemba papepala, zonse ankasunga m'mutu. Ndiye anagwirizana ndi Efraín kuti aimbe kaye m'sanata, mawu enieni adzawaike Lolemba lotsatira, nkhalambayo ikadzapita ku Buenos Aires n'kuwasiyira makiyi. Gordo sanalipo. Iye anajambula ng'oma zake masiku awiri oyamba n'kubwerera kuntchito kwake kophera ng'ombe.

Lachisanu, atamaliza, Lisandro anakhala pa masitepe a situdiyo gitala ili pabondo. Mkazi wake Nilda anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

"Efra, tamva yachinayi ija ndi mawu ake. Ndi ya wam'mimbayo. Nilda usamuuze."

Anaiimba motsitsa, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndipo Efraín, mutu wake ameneyu, anali ndi besi pamiyendo, akulimbana ndi malo ena amene ankamukola chala. Khutu lake linkatsatira pamene mawu akwera ndi pamene atsika, kuti dzanja lidziwe kopita. Oliza besi ndi otero: amamva nyimbo kuchokera pansi.

"Bwanji?" anafunsa Lisandro atamaliza.

"Pa kolasi paja ubwerere ku noti ya La, osati ya Fa."

Lisandro anaseka mpaka kutsokomola. "Ndakuimbira mtima wanga wonse, iwe ukundiuza za La!"

Loweruka masana Lisandro anapita kukagula buledi. Galimoto yopanda nambala inaima pambali pake, amuna atatu anatsika, anamukweza. Wogulitsa nyuzipepala anaona zonse ndipo anakhala zaka zisanu ndi zitatu asananene. Lisandro sanaonekenso, manda ake palibe akuwadziwa.

Irupé anabadwa mu Ogasiti. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lina m'khitchini mwa amayi ake, anamukoka Efraín malaya. "Amalume, bambo anga ankandidziwa ine?" Efraín anayang'ana kamwanako, mano apatsogolo atagweluka, ndipo pakamwa panayenda pokha. Anati ankakudziwa, anakupekera nyimbo, ili pa tepi ndi mawu ake onse, kungoti tepiyo inawotchedwa. Nilda anamva, n'kulira, ndipo anamwalira akukhulupirira zomwezo. Mwanayo akafunsa kuti nyimboyo imati chiyani, Efraín ankati sangainene modukaduka, angaiwononge. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu Irupé anakwiya nazo, mwezi wathunthu osamupatsa moni, kenako anazisiya.

"Gordo, tseka chitsekocho," anatero Efraín tsopano.

Gordo anatseka.

"Pa tepipo palibe mawu. Ndi sanata yokhayokha, nyimbo zonse zisanu ndi ziwiri."

"Ukuti chiyani? Si iwe unati Lachisanu lija munaika mawu?"

"Ndinanama."

Gordo anamuyang'anitsitsa. Kenako anapukusa mutu. "Chabwino. Ndiye umuuze wekha mwanayo. Si anakuimbira pa masitepe paja, umatero iwe?"

"Anandiimbira. Nyimbo ndinaimva. Mawu sindinawamve."

"Ngakhale amodzi?"

"Ngakhale amodzi."

"Mayo ine! Iwe ndiwe munthu kapena chingwe cha gitala?" Gordo anadzimenya pantchafu. Kenako anatsitsa mawu. "Peka ako. Adziwa ndani?"

"Ine kupeka? Khadi la Khirisimasi limandikanika. Ndipo mwanayo kachimbale ka bambo ake anakaliza mpaka kutha mizere. Mzere wanga umodzi wokha adzadziwa kuti si iwo."

"Basi, wazionera wekha," anatero Gordo, koma m'maso mwake munali misozi.

M'mawa mwake Irupé anafika asanapite kusukulu kumene amaphunzitsa, atanyamula pepala la mabanzi a shuga. Ndi wamtali ngati bambo ake, ndipo amalankhula ndi manja ngati iwo omwe. Anamukumbatira Efraín osasamala za girisi.

"Amalume, sindinagone! Ndapeza kale munthu wokonza matepi akale, dzina lake Dardo. Akuti mukaitenge inu kwa mayi aja, musailize, mumuimbire kaye." Anathira madzi otentha m'chikho cha yerba, tiyi wa kuno womwera pa kapaipi, n'kumupatsa. "Mukudziwa? Ndinkakukwiyirani. Ndinkati a Efraín ndi ouma mtima, mzere umodzi wokha kundimana. Koma munkanena zoona. Ndikufuna ndiimve kwa bambo anga eniake."

Apa ndi pamene Efraín akananena zoona. Anatsegula pakamwa, anaona mmene mtsikanayo ankanyambitira shuga kuchala, nkhope ili ngwee, n'kuikamo kapaipi ka chikho kaja m'malo mwa mawu. Mantha basi, palibe dzina lina. Bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu kuopa mwana amene anamuphunzitsa kupalasa njinga.

Anakaitenga tepi Loweruka. Bokosi linali lonunkha chinyontho, lolemera kuposa mmene ankakumbukira. Pafoni Dardo anamuchenjeza kawiri konse. Matepi a zaka zimenezo, anati, amamwa chinyontho n'kumata. Ukangoiliza ili choncho, utoto wofiirira uja, womwe umasunga mawu, umasupuka n'kutsalira pa makina ngati matope. Imayenera kuikidwa kaye mu uvuni wa moto wochepa masiku awiri.

"Mukailiza yaiwisi, mkulu wanga, mwaipha. Kamodzi kokha n'kokwanira."

Kamodzi kokha n'kokwanira. Mawu amenewo anamuzungulira m'mutu Efraín Lamlungu lonse. Kuseri kwa shopu, pansi pa mafani akufa, anali ndi makina akale olizira matepi otere. Masana anawatulutsa, anawapukuta fumbi, anawalumikiza kumagetsi, ndipo kanyali kofiira kanayaka ngati kankamudikira. Anaika tepi. Anaikoka pang'onopang'ono kudutsa m'timawilo, zala zikukumbukira zokha. Akanangodina batani limodzi. Kenako akanati pepa mwanawe, nkhalamba yopusa ine sindinamvetse malangizo. Irupé akanalira, akanamutukwana, koma akanatsala ndi nyimbo yake ya mawu onse, yosamvedwa ndi munthu, monga anakhalira nayo moyo wake wonse.

Chala chinakhala pa batanipo mpaka chinachita dzanzi. Sanadine. Ndipo tisamutame, sichinali chilungamo chimene chinamugwira dzanja. Iye mwini ankafuna kumumvanso Lisandro. Ankafuna amve kupuma kwake asanayambe mzere, kaya akuimba zopanda pake. Anadziona kuti wasankha khutu lake kusiya mtima wa mwana, ndipo anadzida.

Masiku awiri amene tepi inali mu uvuni kwa Dardo, Efraín sanatsegule shopu. Anatsitsa besi pamwamba pa kabati n'kumaliza nyimbo yachinayi, mobwerezabwereza, poganiza kuti mwina mawu angatsatire zala. Zala zinali ndi zonse, noti iliyonse, ndi paja pankamukola pomwe. Ankawaona masitepe aja. Ankaona ndudu kuseri kwa khutu la Lisandro, batani lothothoka pa malaya ake, ndevu zikuyenda pamwamba pa milomo. Milomoyo inkatseguka n'kutsekeka, koma chotuluka chinali La, Fa, Re. Anayesa kunong'ona mawu amene bambo angauze mwana wosabadwa: mwezi, mtsinje, usaope. Onse ankakwana bwino, ndipo chifukwa onse ankakwana, panalibe ndi amodzi omwe amene akanalumbirira.

Lachinayi masana anakumana kwa Dardo, m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba yake, chodzaza ndi mawaya. Dardo ndi bambo wadazi, wa magalasi pamphumi, wokonda ntchito yake kuposa anthu. Gordo anavala malaya a kutchalitchi ndipo anakhala pakona osayang'ana aliyense. Irupé anafika molunjika kuchokera kusukulu, choko chili pasiketi. Anatulutsa m'chikwama kope latsopano ndi cholembera, n'kulemba pamwamba pa tsamba loyamba deti la tsikulo.

"A Dardo, tiyambe ndi yachinayi."

"Mwambo wake timayambira poyamba, mayi."

"Ndadikira zaka makumi awiri. Zinazo zidikire nazo."

Dardo anang'ung'udza, koma anazunguza tepi mosamala mpaka pa kachizindikiro koyera kachitatu, poyambira nyimbo yachinayi. Anayatsa kompyuta yokopera. Anadina.

Kunamveka kaphokoso ka sii, kenako timitengo ta Gordo tikugundana. Kenako mawu a mnyamata, pafupi kwambiri, ngati ali m'chipinda momwemo: "Yachinayi, kachiwiri. Efra, usathamange."

Gordo anabisa nkhope m'manja. Besi inalowa, gitala inatsatira, ndipo Lisandro anakoka mpweya n'kuyamba.

"Wachu lei, oli sanda mei, toni fon, toni fon ai ren..."

Anaimba mokoma, anthuni. Sanaimbepo mokoma chotero. Mawu ankanjenjemera pokwera, ankasweka pang'ono pa kolasi, ngati munthu amene akudziwa chimene akutanthauza. Irupé anali atawerama, cholembera chili pa pepala, nsidze zitakumana. Mzere woyamba unadutsa. Wachiwiri unadutsa. Cholembera sichinayende.

"Ndi Chingerezi?" ananong'ona. "Amalume, simunandiuze kuti ndi ya Chingerezi. Palibe kanthu, mnzanga wina amachiphunzitsa."

Dardo anaseka, iye osadziwa chilichonse. "Chingerezi chanji! Ndi sanata imeneyi, mayi. Sanata yapamwamba, ndamvapo zambiri koma iyi ndi mfumu. Ankangogwirizira malo, mawu anali oti adzaike pambuyo. Palibe chimene akunena apa."

Anayang'ana nkhope zawo, kuseka kuja n'kuthera panjira.

Nyimbo inapitirira mpaka kumapeto, mphindi zinayi, palibe anaiimitsa. Itatha Dardo anadina batani n'kuyamba kupukuta magalasi ake, amene sanali akuda.

Irupé anatembenuka. "Pali ina? Anaijambulanso kwina?"

"Palibe, mwanawe," anatero Efraín. Mawu ake anatuluka ngati a munthu wodwala. Ananena zonse, ali chiimire, manja ali lende: za Don Celestino, za Lolemba limene silinafike, za khitchini ya Nilda. Sanadzichepetsere mlandu. Anati ndinakunamiza uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndakhala ndikukunamiza chaka chilichonse.

Mtsikanayo sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Koma nyimboyo inalipo? Kapena nayonso munapeka?"

"Inalipo. Ndikulumbira. Inali yako. Anandiimbira Lachisanu, pa masitepe."

"Ndi mawu ake?"

"Ndi mawu ake onse."

"Ndiye munthu amene anawamva padziko pano ndinu nokha." Anakonza kope pabondo. "Nenani. Zodukaduka zomwezo. Sindikwiya."

"Ndinkamvetsera besi."

"Simunandimve. Ndikuti nenani zimene mukukumbukira."

"Ndinkamvetsera besi, Irupé. Ndinkafuna ndidziwe poika zala. Atamaliza ndinamuuza kuti asinthe noti."

"Liwu limodzi, amalume." Irupé anakweza chala chimodzi. "Limodzi lokha. Kaya 'mwana', kaya 'madzi'. Munali pomwepo. Simunali ogontha."

Gordo anadzutsa mutu pakona paja n'kumuyang'ana Efraín, maso akupempha: nena chilichonse, aise, chilichonse. Ndipo linali lapafupi. Mwezi. Akanangoti mwezi, mwanayo akanalemba, akanalisunga mpaka imfa yake, mwina akanalitcha mwana wake. Efraín analimva liwulo likukwera kukhosi. Analimeza. Anali atamupatsa kale mwanayu bambo wabodza kamodzi.

"Ndilibe," anatero.

Kunja basi inadutsa, mawindo ananjenjemera. Irupé anayang'ana tsamba lake, loyera kupatula deti.

"Ndiye mawu enieni amene ali pa nyimbo yanga," anatero pang'onopang'ono, "ndi aja akuuza inu kuti musathamange."

Efraín ankafuna nthaka itseguke. Ankafuna akanakhala iye amene anapita kukagula buledi Loweruka lija, ndipo aka sikanali koyamba kufuna zimenezo, koma lero anazifuna ndi mtima wonse.

Irupé anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, choko n'kutsalira patsaya. "A Dardo, mwakopera? Bwezerani poyamba. Muziimitsa mzere uliwonse."

"Mayi, ndanena kuti palibe chimene..."

"Ndamva. Bwezerani."

Dardo anabwezera pa kompyuta. Lisandro anakokanso mpweya, anaimba mzere woyamba, Dardo n'kuimitsa. Irupé anawerama n'kuyamba kulemba ndi dzanja lake la uphunzitsi, zilembo zozungulira, zoyera. Analemba chilembo chimodzi, anaima, anachifufuta. Anayesanso, anaimanso. Kenako anafunsa, osadzutsa mutu, osamuyang'ana:

"Inu munkaimba nawo zimenezi. 'Wachu' amalemba bwanji?"

Efraín anayandikira n'kuyamba kumutchulira chilembo chimodzichimodzi.